Khosi lowerama: bwanji anthu a ku Iran amagwadira owapondereza?

Nangozo wa ku Manchester:
Abale anga, pali nkhani yandisowetsa tulo. Kuchipatala komwe ndimagwira ntchito ndili ndi mnzanga, namwino ngati ine, kwawo ndi ku Shiraz ku Iran. Dzulo tikumwa tiyi pakati pa usiku anandionetsa zithunzi ziwiri za mayi ake. Choyamba n'cha pa chiphaso cha kuntchito: nsalu yakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope yokha ikuoneka, milomo ili tseke. Chachiwiri anajambulidwa chaka chomwecho m'nyumba: tsitsi lili pamtunda, diresi ya maluwa, akuvina pa ukwati wa mphwawo. Mayiwo anaphunzitsa pa sukulu ya boma moyo wawo wonse. M'mawa uliwonse ankaimika ana pamzere kuti afuule mawu otamanda mtsogoleri, madzulo akusenda anyezi kukhitchini n'kumamunyoza mtsogoleri yemweyo. Mnzangayu ali mwana, akamatuluka kupita kusukulu, mayi ake ankamugwira dzanja pakhomo: “Za m'nyumba muno usakanene. Akakufunsa ngati bambo ako amapemphera, ukati eya.”

Atabweza foni m'thumba ananena mawu amene andibaya mpaka pano. Anati, “Ife anthu a ku Iran tinabadwa ndi khosi lowerama.” Ndinamukanira, koma chomuyankha ndinalibe. Ndiye ndabwera kwa inu. Kodi mtundu wa anthu ungazolowere kugonjera wouzunza mpaka kukhala chikhalidwe chake? Mayi aja tiwatche amantha kapena anzeru?

Mbewe wa pa Joni:
Achemwali, mnzanuyo wanena zoona, musamutsutse pofuna kumutonthoza. Tawerengani nokha. Alexander anatentha Persepolis, mzinda wa mafumu awo akale, mu 330 Yesu asanabadwe, anamugwadira. Aluya anabwera, mfumu ya Iran ya nthawi imeneyo, Yazdegerd, anaphedwa mu 651, anthu anatenga chipembedzo cha owagonjetsa. A Mongol anabwera, anawagwirira ntchito. Shah, mfumu ya Iran, ankamupsompsona dzanja, atachoka anayamba kupsompsona la ayatollah, shehe wamkulu. Ine pano ndimapikula katundu kwa bambo wina wa ku Tehran. Pondipatsa moni amagwira pachifuwa n'kunena m'chinenero chake kuti “ndine wantchito wanu”. Kwa ine, kasitomala wamba! Mtundu umene moni wake ndi wotero mukuyembekezera kuti uchite chiyani ukaona mfuti?

Aphunzitsi Opuma:
A Mbewe, moni uja musaumve molakwika. Iwo amautcha taarof. Woyendetsa takisi ku Tehran mukamupatsa ndalama amayamba wakana, koma nonse awiri mukudziwa kuti mulipira ndithu. N'chimodzimodzi ndi ife tikamaitanira nsima munthu wodutsa panjira. Ukapolo suli pamenepo.

Ndinaphunzitsa mbiri zaka zambiri, ndipo nkhani yoti kuwerama kuli m'magazi ndimaikana. Ine ndimafunsa chonchi: munthu akakana kuwerama, atsamira pa chiyani? Mbali yaikulu ya Iran ndi youma. Midzi yambiri inkadalira ngalande za pansi pa nthaka zotchedwa qanat, zotenga madzi m'tsinde mwa phiri kupita nawo kuchigwa, mtunda wa makilomita ambiri. Mudzi uli apa, wina uli kuseri kwa chipululu. Asilikali akagumula ngalande imodzi, mudzi wonse watha. Anthu otalikirana chotere kuti apangane zoukira n'kovuta.

Ndiyeno munda sunali wako mpaka muyaya. Shah ankatchedwa Mthunzi wa Mulungu. Ankapatsa malo amene wamukonda lero, mawa n'kulanda, ndipo bwalo lokamusumira kunalibe. Izi sizinkagwera osauka okha. Tamvani za Amir Kabir. Anali mwana wa wophika, anakwera mpaka kukhala nduna yaikulu mu 1848, anakwatira mlongo wake wa Shah Naser al-Din, anayambitsa sukulu ya ukachenjede ya Dar al-Fonun. Mu 1851 anamuchotsa, ndipo mu Januwale 1852 anthu a mfumu anamupeza m'bafa ku munda wa Fin ku Kashan n'kumudula mitsempha mpaka magazi kutha. Mlamu wake weniweni wa mfumu! Bwana amene anamulera pantchito, Qaem Maqam, nayenso anali nduna yaikulu, nayenso mfumu yake inamupha mu 1835. Tidumphe zaka zoposa 100. Hoveyda anatumikira Shah Mohammad Reza ngati nduna yaikulu kuyambira 1965 mpaka 1977. Zinthu zitavuta mu 1978, Shah yemweyo anamutsekera kuti anthu aziziritse mtima, iye n'kuthawa, Hoveyda n'kuwomberedwa ndi boma latsopano mu Epulo 1979. Paja amati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Katswiri wawo wa mbiri, Homa Katouzian, amati gwero la vuto ndi ulamuliro umene wolamulirayo samangidwa ndi lamulo lililonse, umene iwo amautcha estebdad. Mwana wokulira m'dziko lotero amazindikira msanga kuti kusalakwa sikukuteteza, chuma sichikuteteza, ubale ndi mfumu nawo sukuteteza. Chotsala ndi kusamala lilime. Mlakatuli Saadi, wa m'zaka za m'ma 1200, analemba kuti mfumu ikanena masana kuti ndi usiku, iwe uziti taonani mwezi ndi nyenyezi. Anthu a ku Iran alinso ndi mwambi wakuti khoma lili ndi makoswe, ndipo makoswe ali ndi makutu. Mawu amenewa ine ndimawamva ngati a kholo lofuna kuti mwana wake afike madzulo ali moyo.

Mdzukulu wa ku Zomba:
Zikomo aphunzitsi. Ine ndikuphunzira za maganizo a anthu, ndipo zimene mwanenazi zikundikumbutsa kafukufuku wa Martin Seligman wa mu 1967. Agalu ena ankawagwiritsa magetsi oluma popanda njira yothawira. Kenaka anawaika m'bokosi loti akhoza kungodumpha kakhoma kakafupi n'kupulumuka. Ambiri sanadumphe, anangogona pansi n'kumalira. Anali ataphunzira kuti kuyesa n'kutaya nthawi.

Pali nkhani ina imene inandizizira thupi nditaiwerenga. Ibn al-Athir, wolemba mbiri amene anali moyo pa nthawi ya a Mongol, analemba zimene anamva kwa anthu: msilikali wa Mongol anagwira munthu koma analibe lupanga. Anamuuza kuti agone pansi asasunthe. Anapita kukatenga lupanga, pobwera anamupeza ali pomwepo phee, n'kumupha. Mantha akafika pamenepo munthu sathanso kuona khomo lotseguka.

Koma a Mbewe, izi si za anthu a ku Iran okha. Stanley Milgram mu 1961 ku Yale anauza anthu wamba a ku America kuti azigwiritsa magetsi munthu amene walakwa mayankho. Magetsiwo anali abodza koma iwo sankadziwa. Mwa anthu 40, okwana 26 anafika pa mavoti 450 chifukwa chongouzidwa ndi munthu wovala khoti la ukatswiri kuti pitirizani. Amenewo analibe Shah.

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga, fanizo la agalu lili ndi malire. Galu uja akanadumpha akanapulumuka. Anthu a ku Nishapur mu 1221 anakana kugonja, a Mongol anaseseratu mzinda wonse. Anthu a ku Kerman mu 1794 anasunga mdani wa wolamulira Agha Mohammad Khan, iye analamula kuti amuna zikwizikwi akolowoledwe maso. Amene anaona zimenezo akauza mdzukulu wake kuti werama, ndiye kuti akuwerenga zinthu bwino.

A Mbewe, pa mndandanda wanu mwasiyapo chinthu chimodzi. Aluya anagonjetsanso Egypt ndi Syria, lero konseko amalankhula Chiluya. Iran mpaka lero akulankhula Chiperisi. A Mongol aja alembi awo ndi nduna zawo anali Aperisi monga Juvayni ndi Rashid al-Din, ndipo mu 1295 mfumu yawo Ghazan inalowa Chisilamu. Wowerama uja anameza womuweramitsa pang'onopang'ono. Mtengo wake unalipo: Rashid al-Din anaphedwa mu 1318 ndi mafumu omwewo anawatumikira.

Mwana wa ku Mangochi:
Assalam alaikum nonse. Ndikufuna ndilowererepo msanga pasanabwere wonena kuti vuto ndi Chisilamu. Ife kwathu ambiri ndife a Sunni, a ku Iran ambiri ndi a Shia, ndipo anakhala choncho kuyambira 1501 pamene Shah Ismail analanda Tabriz n'kukakamiza dziko lonse. Kwa a Shia kuli chiphunzitso cha taqiyya, chololeza munthu kubisa chikhulupiriro chake moyo ukakhala pachiswe. Chinakula chifukwa kwa zaka mazanamazana iwo anali ochepa ndi osakidwa. Mayi aphunzitsi aja pouza mwana kuti ukati eya, anali kuyenda m'njira yakale imeneyo, kungoti tsopano akubisala kwa boma la a Shia anzawo.

Koma mtima wa chipembedzo chawo uli pa munthu amene anakana kugwada. Mu 680, Husayn, mdzukulu wa Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, anakana kulumbira kuti adzamvera Yazid, wolamulira Asilamu pa nthawiyo. Anthu a mumzinda wa Kufa anamutumizira makalata kuti bwerani, tili pambuyo panu. Bwanamkubwa watsopano atafika ndi ziopsezo ndi ndalama, anthu aja anabalalika mmodzimmodzi n'kutseka zitseko. Msuweni wake wa Husayn amene anatsogola, Muslim ibn Aqil, anatsala yekha m'misewu ya Kufa mpaka anagwidwa. Husayn anaphedwa ku Karbala ndi anthu pafupifupi 72.

Chaka chilichonse mwezi wa Muharram a Shia amalira, kudziguguda pachifuwa. Ine ndikamaona zithunzi zake ndimaganiza kuti misozi ija ili pawiri. Akulira Husayn, komanso aliyense akudzifunsa mumtima kuti ndikanakhala ku Kufa, chitseko changa ndikanatsegula kodi? Nkhani yomweyi ena amaimva kuti lirani, pirirani, dikirani Imamu wobisika adzabwere kudzakonza dziko. Ena amaimva kuti dzukani lero. Mashehe awo akhala akukokana pa matanthauzo awiriwa kwa nthawi yaitali.

Nangozo wa ku Manchester:
Achimwene a ku Mangochi, mwandikumbutsa. Mnzanga uja anandiuza kuti nyumba zakale za kwawo zinkamangidwa magawo awiri. Kuli biruni, kolandirira alendo, ndi andaruni, kwa eni nyumba okha. Ukadutsa mumsewu umangoona khoma lalitali la dothi, lopanda zenera, koma m'kati muli dziwe la madzi, mitengo ya malalanje ndi maluwa. Akuti munthunso ali choncho, ali ndi zaher, wa kunja, ndi baten, wa m'kati. Chimene chimamupweteka iye n'chakuti anaphunzira kunama ali ndi zaka 6, ndipo anamuphunzitsa ndi mayi ake omukonda. Mpaka lero kuno ku England, bwana akamufunsa maganizo ake pamsonkhano, amayamba wayang'ana nkhope ya bwanayo kuti adziwe yankho lofunika. Watha zaka 12 kunja koma khoma lija anabwera nalo.

Gogo Naphiri:
Ana anga, ine za Iran sindinaphunzire, mdzukulu wanga ndiye akundiwerengera. Koma mayi aphunzitsi aja ndikuwadziwa, chifukwa ndinali ine. Nthawi ya chipani chimodzi, wopanda khadi sankalowa mumsika, sankakwera basi. Tsiku lina ndili ndi pakati pa mwana wanga wachiwiri, ndasenza dengu la tomato, anyamata a pachipata anandiuza kuti ndigule makhadi awiri, lina la amene ali m'mimbayo. Ndinamasula mfundo ya chitenje n'kupereka ndalama ya sopo. Ndinanenanso zikomo. Povina ndinkavina nawo, nyimbo ndinkaimba mokweza kuposa anzanga kuti asandikayikire. Usiku amuna anga ankatsitsa wailesi mpaka pansi, khutu kukhudza wailesiyo, kumvera nkhani za kunja.

Sindinali wopusa, ndinali ndi ana. Chimene sindiiwala ndi tsiku la pa 8 Malichi 1992, kalata ya mabishopu itawerengedwa m'tchalitchi. Ndinatembenuka n'kuona mayi wina amene ndinkamuopa zaka zambiri, poganiza kuti ndi kazitape, misozi ili mbwee. Potuluka anandigwira mkono nati, “Naphiri, ine ndinkaopa iwe.” Tinakhala moyandikana nthawi yonseyo, aliyense akuyesa kuti wodandaula ndi iye yekha.

Aphunzitsi Opuma:
Agogo, zimene mwanenazi zinachitikanso ku Iran pafupifupi nthawi yomweyo. Mu Malichi 1975 Shah anathetsa zipani n'kukhazikitsa chimodzi chokha, Rastakhiz, ndipo ananena poyera kuti wosafuna kulowa malo ake ndi kundende, apo ayi atenge pasipoti achoke. Apolisi achinsinsi a SAVAK, okhazikitsidwa mu 1957, mphamvu yawo yaikulu inali yakuti aliyense ankaganiza kuti mnzake wa pa desiki ndi wa SAVAK. Za zovalanso tikuzidziwa: kwathu lamulo la 1973 linaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi. Kwawo Reza Shah mu 1936 analamula kuti amayi avule nsalu za kumutu, apolisi n'kumawang'ambira mumsewu, ena mpaka anakhala zaka osatuluka m'nyumba. Mu 1983 lamulo linatembenuka: wosafunda kumutu, zikoti mpaka 74. Mutu ndi womwewo, wolamula ndiye wasintha.

Mbewe wa pa Joni:
Chabwino, za magazi ndasiya, agogo andigonjetsa. Koma funso langa likadalipo. Mu 1979 mfuti ya Shah inali itagwa, palibe ankawakakamiza. Anthu mamiliyoni anakhamukira kukalandira Ayatollah Khomeini, shehe amene anatsogolera kuukira Shah, pa 1 Febuluwale. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake anthu ankauzana kuti nkhope yake ikuoneka pa mwezi, ena n'kumakwera padenga kukaiona. Pa referendamu ya Malichi yokhazikitsa boma la Chisilamu, boma linalengeza kuti 98 pa 100 alionse avomera. Amenewo sanali mantha, aphunzitsi. Anavula goli lina n'kuthamangira lina ndi nthungululu. Ndiuzeni kuti m'mitima yawo mulibe njala yofuna bambo wowalamula.

Aphunzitsi Opuma:
Apa mwagunda pamene pali bala, a Mbewe, sindikuzembani. Koma tiyambe taona kuti anthu awa adzukapo kangati. Mu 1890 Shah Naser al-Din anagulitsa malonda onse a fodya kwa Mngelezi wina dzina lake Talbot kwa zaka 50. Mu Disembala 1891 kunamveka chilamulo cha shehe wamkulu Mirza Hasan Shirazi choletsa kusuta. Dziko lonse linasiya fodya, mpaka akazi a Shah m'nyumba yachifumu anakana kumuyatsira kaliwo. Mu Januwale 1892 mgwirizano unathetsedwa. Mu 1906 amalonda anatseka misika, anthu oposa 10,000 anakamanga misasa pabwalo la ofesi ya kazembe wa Britain ku Tehran mpaka Shah anavomera nyumba ya malamulo. Mu 1908 nyumbayo inaphulitsidwa ndi mizinga motsogozedwa ndi msilikali wa ku Russia, Liakhov. Mu 1951 nduna yaikulu Mossadegh analanda mafuta m'manja mwa kampani ya Angelezi, pa 19 Ogasiti 1953 anagwetsedwa mothandizidwa ndi akazitape a America a CIA ndi akazitape a Britain. Kawiri konse anamanga njira ya malamulo, kawiri konse dzanja la kunja linathandiza kuigumula. Phunziro limene ambiri anatolapo n'lakuti zinthu zimakonzedwa kuseri ndi amphamvu, iwe ulibe gawo.

Tsopano funso lanu. Munthu amene wakhala zaka 25 akulankhula zoona kukhitchini kokha amadziwa bwino chimene akudana nacho, koma sanayeserepo kukhala pansi ndi wosiyana naye maganizo n'kupangana za mawa. Shah anapha zipani, mabungwe a antchito, manyuzipepala omasuka. Chimene sakanatha kutseka ndi mizikiti. Tsiku loukira litafika, amene anali ndi nthambi m'mudzi uliwonse anali mashehe. Achikomyunizimu, ophunzira, amalonda a m'misika, onse anabisala kumbuyo kwa nkhalamba imodzi, aliyense akuyesa kuti akuigwiritsa ntchito. Luso lomwe lija lobisa za mumtima linawapweteka: sanafunsane poyera kuti kodi tikufuna dziko lotani.

Ndipo si onse anaimba nthungululu. Pa 8 Malichi 1979, patangotha milungu isanu Khomeini atafika, amayi zikwizikwi anayenda m'misewu ya Tehran kukana kukakamizidwa kufunda kumutu. Amuna ambiri amene ankadzitcha omenyera ufulu anawauza kuti ino si nthawi yake.

Mwana wa ku Mangochi:
Ndiwonjezere za 1978. Anthu ataphedwa ku Qom mu Januwale, mwambo ndi wakuti pakatha masiku 40 pamakhala mapemphero a maliro, monga sadaka imene kwathunso timachita. Pa tsiku la 40 anthu a ku Tabriz anatuluka, ena anaphedwa. Patatha masiku ena 40 mizinda ina inatuluka. Boma lingaletse msonkhano, koma maliro lingaletse bwanji? Pofika Disembala, masiku a Ashura okumbukira imfa ya Husayn, misewu ya Tehran inadzaza anthu oposa miliyoni. Mwambo womwe uja wa kulira ndi kudikira ndi umene unawatulutsa.

Mdzukulu wa ku Zomba:
Nkhani ya agogo ndi ya a ku Mangochi zikukumana. Katswiri wina, Timur Kuran, anafotokoza kuti anthu akamabisa zimene akufuna, wolamulira ndi olamulidwa onse sadziwa kuti odandaula ndi angati. N'chifukwa chake pa 31 Disembala 1977 mtsogoleri wa America Jimmy Carter anatcha Iran chilumba cha bata, ndipo pa 16 Januwale 1979 Shah anali m'ndege akuthawa. Kwa Milgram komweko, pamene anaikapo anthu ena awiri okana kupitiriza, omvera mpaka kumapeto anatsika kufika anayi mwa 40. Kungoona wina akukana.

Koma tisaiwale amene amagonjera chifukwa akudya nawo. Ntchito ya boma ku Iran umaipeza utadutsa gozinesh, pomwe amakufunsa za mapemphero n'kukafufuza kwa oyandikana nawo. Mnyamata wosauka akalowa Basij, gulu la asilikali odzipereka a boma, njira ya ku yunivesite ndi ya ntchito imafupika. Ndipo alipo okhulupirira ndi mtima wonse, amene abale awo anafera pa nkhondo ya Iraq ya 1980 mpaka 1988. Kuvomera kuti bomali n'loipa kwa iwo n'kuvomera kuti mwana anafera chabe.

Aphunzitsi Opuma:
Achemwali a ku Manchester, funso lanu lakuti amantha kapena anzeru, eni ake analifunsa zaka 1,000 zapitazo. Mu Shahnameh, ndakatulo yaitali ya mafumu akale imene mlakatuli Ferdowsi anamaliza mu 1010, muli mfumu Zahhak. Pamapewa ake panamera njoka ziwiri, ndipo kuti zisamulume zinkadyetsedwa ubongo wa anyamata awiri tsiku lililonse. Amuna awiri abwino, Armayel ndi Garmayel, anapangana kukalowa ntchito yophika kunyumba yachifumu. Anyamata awiri akabwera, ankapha mmodzi, ubongo wake n'kusakaniza ndi wa nkhosa, winayo n'kumuthawitsira kumapiri. Mwezi uliwonse anthu 30 ankapulumuka. Mwezi uliwonsenso anthu 30 ankafa ndi mpeni wa ophika abwino aja.

Kenaka Zahhak anaitanitsa akuluakulu onse kuti asaine chikalata chonena kuti iye ndi mfumu yachilungamo. Onse anasaina. Ali mkati, kunalowa wosula zitsulo dzina lake Kaveh, akulira kuti ana ake atha ndipo wotsala yekha watengedwanso. Mfumu inamubwezera mwanayo n'kumuuza kuti nayenso asaine. Kaveh anawerenga, anadzudzula akuluakulu aja pamaso, anang'amba chikalatacho n'kuchipondaponda. Anatuluka kupita kumsika, anavula chikopa chimene ankavala posula, anachikoleka pa mkondo, anthu n'kumutsata.

Taonani bwino: mwana anali atamubwezera kale. Akanasaina n'kupita kwawo mwamtendere. Ndipo chimene mfumu inkafuna kwa iye sichinali msonkho kapena ntchito, chinali siginecha pansi pa bodza.

Mbewe wa pa Joni:
Ndiye mayi aphunzitsi aja ndi ophika a Zahhak. Mwana wawo anamupulumutsa, ana a eni ake n'kumawaimika pamzere m'mawa uliwonse. Ine ophikawo sindingawatamande. Popanda ophika njoka zikanafa ndi njala.

Gogo Naphiri:
Mwana wanga, wophika wina akanabwera n'kumapha onse awiri. Usaweruze msanga. Koma sindikunamizani, alipo amene anakana khadi lija chifukwa cha chikhulupiriro chawo, nyumba zawo zinatenthedwa, anathawira kunja. Ife tinkaona utsi tili pakhonde, pakamwa tili chete. Zimenezo zimandibwererabe ndikamapemphera.

Mdzukulu wa ku Zomba:
Alipo wophika amene anataya mpeni. Mu 1988 akaidi a ndale zikwizikwi ataphedwa m'ndende, Ayatollah Montazeri, amene anali atasankhidwa kale kudzalowa m'malo mwa Khomeini, analemba makalata otsutsa. Mu Malichi 1989 anamuchotsa, pambuyo pake anakhala zaka atatsekeredwa m'nyumba mwake ku Qom. Mpando waukulu wa dziko unali pakhomo pake, iye anausiya. Kupha kunapitirira ndithu, koma chifukwa cha makalata ake boma silingathenso kunena kuti sizinachitike.

Nangozo wa ku Manchester:
Ndamuwerengera mnzanga zonse pa nthawi yopuma. Pa nkhani ya ophika anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anandiuza zimene sananene dzulo. Mahsa Amini, mtsikana wa zaka 22 wa ku Saqqez, atamwalira pa 16 Seputembala 2022 atagwidwa ndi apolisi oona za mavalidwe, ana a sukulu amene anatuluka n'kumavula mipango anali a msinkhu wa zidzukulu za mayi ake. Mayiwo sanapite ku zionetsero. Ankangosiya chitseko cha kumsewu chosakhoma usiku, kuti wothawa apolisi apeze polowera, ndipo usiku wina analowadi atsikana awiri, anagona kukhitchini. Mohsen Shekari, mnyamata amene anagwidwa pa zionetserozo, atanyongedwa pa 8 Disembala chaka chomwecho, mayiwo anaimba foni akulira, akuti mwa ana onse amene ndinawaimika pamzere, ndi angati lero ali ndi ndodo m'manja, ndi angati ali m'ndende?

Pano akamapita kokagula buledi mpango amausiya pamapewa. Akaona galimoto ya apolisi manja amanjenjemera, nthawi zina amaukweza, nthawi zina ayi. Mnzanga wati a Mbewe awayankha yekha akaweruka, ndamupatsa foni yanga kuti alembe. Belu la wodwala wa pabedi lachinayi likulira, ndathamanga.